Mbale Khumi za Tadala

Ndisanapite ku Amerika ndinali mtolankhani ku Blantyre, ndipo ntchito imeneyo inandisiyira chizolowezi chimodzi: munthu akandifunsa funso ndimamuyankha ndi mfundo. Anzanga amene anatsala ku Indiana amanditumizirabe mauthenga pafoni akafuna kupita ndi ana awo ku mapaki a masewera a ku Florida. Funso lawo limakhala limodzi: kodi kulipiriratu chakudya cha ulendo wonse, pamodzi ndi chipinda cha hotelo, n'kopindulitsa? Ndimawayankha mwachidule. Ngati mumadya nyama yodula nthawi iliyonse mukakhala patebulo, ngati simudumphitsa nkhomaliro, ngati simusiya zotsekemera m'mbale, mupindula pang'ono. Ngati mimba zanu ndi za anthu wamba, muzilipira pomwe mwadyapo. Yankho limeneli ndi loona. Zina zimene ndikudziwa pa nkhaniyi sindiwauza.

Ndinachoka mwana wanga Tadala ali ndi zaka zinayi. Bambo ake tinali titasiyana kale. Ndinamusiya ku Balaka kwa achemwali anga aakulu, amene anabereka anyamata okhaokha, ndipo tinagwirizana kuti ndikakhala zaka ziwiri zokha. Tsiku lonyamuka mwana anagona masana atatopa ndi kusewera. Ndinafuna kumudzutsa, koma achemwali anandigwira mkono.

"Pita pompano. Akadzuka alira, iwe ulira, basi ikusiya."

Ndinapita.

Ndinafikira ku South Bend, ku Indiana, m'nyengo ya chipale. Ntchito ndinaipeza pa nyumba ina yosamalira okalamba: kusambitsa, kuveka, kutembenuza ogona kuti asatuluke zilonda, kudyetsa. Akamaliza kudya tinkalemba papepala la munthu aliyense: wadya zonse, wadya theka, walawa chabe, wakana. Anzanga ankadana nako kulembako, koma ine ndinkakukonda chifukwa kunkafanana ndi ntchito yanga yakale. Patatha chaka ndinkadziwa pamtima amene amalavula kaloti, amene amafuna phala lozizira, amene amatsegula pakamwa pokhapokha ukamuimbira.

Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi Anachisale, mayi wamasiye wa ku Ntcheu, amene anali atakhala kale m'dzikomo zaka zambiri. Ananditenga kuti tizikhala nyumba imodzi. Anali ndi kagalimoto kakale kotenthetsa mbali ya woyendetsa yokha, moti m'mawa uliwonse popita kushifiti iwo ankatuluka thukuta ine mano akugundana. Anandiphunzitsa kupala madzi oundana pagalasi, kuyenda pachipale ngati bakha, ndi kusayankha nkhalamba ikakutukwana. Akakondwa ankanditchula kuti amake Tadala. Akafuna kundinyoza ankati a Mtolankhani.

Zaka ziwiri zija zinakhala zisanu. Mapepala anga atalongosoka tinasamukira ku Indianapolis, kumene tonse tinapeza ntchito pachipatala cha pakati pa mzinda. Tinkakhala ku Lawrence, m'mphepete mwa mzindawo. Loweruka tinkapita ku Lafayette Road kukagula ufa, therere ndi nsomba zouma m'masitolo a anthu a ku West Africa, ndi kutumiza ndalama kumudzi. Ndalamazo zinagwira ntchito yooneka. Nyumba ya achemwali inafoleredwa ndi malata, Tadala analowa sukulu yolipira, ndipo zithunzi zinkabwera ali m'yunifolomu yosita bwino.

Lamulungu lililonse ndinkaimba foni, poyamba ndi makadi okala, kenako pa WhatsApp. Mwanayo anali waulemu kwambiri. "Ndili bwino, kaya inu." "Ndakhoza, ndakhala nambala thiri." "Zikomo chifukwa cha nsapato." Akamaliza ankachotsa foni pakamwa n'kufuula, "Amayi! Amayi a ku Amerika akufuna inu!" Sindinkadandaula. Kwathu mchemwali wa mayi ako ndi mayi ako, ndipo palibe cholakwa chimene mwanayo ankanena.

Za paki ya ku Florida ndinazimva kwa namwino wina wachizungu amene ankapitako chaka ndi chaka. Ndinaganiza kuti ndimuitanitse Tadala patchuthi cha Ogasiti, mwezi umene ankakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri. Akaona zimenezo, akakhala ndi ine masabata asanu, ndiye tidzakambirane zoti azikhala kuno. Nkhaniyo ndinaifufuza ngati ndikukalemba m'nyuzipepala, kope ndi cholembera m'manja. Kugona masiku asanu, anthu atatu: ine, Tadala, ndi Anachisale amene akatiyendetse. Ukalipiriratu chakudya, aliyense amapatsidwa mbale ziwiri pa tsiku lililonse logona, ina yodyera patebulo woperekera zakudya akukutumikira, ina yokatenga wekha pawindo, kuwonjezapo kachakudya kotolatola kamodzi. Malamulo ake anali anayi. Onse a m'chipinda chimodzi alipire, osapatulapo wina. Mwana wa zaka khumi amawerengedwa ngati wamkulu. Kangachepe kothokoza woperekera zakudya n'kapadera. Mbale zimene simunadye zimathera pompo tsiku lotuluka.

Anachisale anamvetsera zonsezi akusenda anyezi.

"A Mtolankhani, mimba siibukitsa. Mwadziwa bwanji kuti Lachinayi la mwezi wa Ogasiti mudzamva njala wani koloko?"

"N'zotchipa mukaphatikiza."

"Chotchipa ndi buledi ndi chiponde m'chikwama."

"Sindikufuna mwana akaloze chinthu ine n'kuyamba kuyang'ana mtengo. Akaloza, adye."

Anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana. "Ayi, pamenepo mwanena. Bukitsani."

Ndinagwira madabulo, mashifiti awiri patsiku, miyezi isanu. Viza ya mwana inatuluka, tikiti ndinagula, ndipo mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene anali kutchuthi ku Malawi anavomera kubwera naye. Kenako papositi panabwera kabokosi ka zibangili zitatu zapulasitiki, chilichonse cholembedwa dzina mkati. Chibangilicho ndicho chinali kiyi wa chipinda, tikiti ya pageti, ndi mbale zako zonse. Cha Tadala ndinasankha chofiirira, mongoganizira.

Mwezi wa Juni achemwali anagwa pabwalo ndi BP, dzanja lamanzere n'kufooka. Ndinatumiza ndalama za mankhwala ndi za wantchito, n'kuona ngati nkhaniyo yatha. Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti anyamuke, Tadala anandiimbira yekha. Aka kanali koyamba kuti foni iyambire kwa iye. Ndinali pamalo oimika galimoto kuchipatala, nditangoweruka shifiti ya m'mawa.

"Amayi, ine sindibwera."

"Wati chiyani?"

"Sindibwera. Amayi sangathe kumanga chitenje okha. Wantchito amaweruka folo koloko. Achimwene sangawasambitse."

"Tipeza wantchito wogonera pomwepo."

"Amachita manyazi ndi anthu achilendo. Amafuna ine."

Pamenepa m'pamene ndimabwerera m'maganizo kawirikawiri. Panali mawu ambiri oti ndikananena. Ndikanati ndakusowa. Ndikanati ndinachoka uli mtulo ndipo chiyambire sindinakugwirepo dzanja. Ndikanati wachita bwino mwanangu, ndibwera ndine. M'malo mwake ndinatsegula pakamwa n'kutulutsa mfundo.

"Ukudziwa kuti ndalipira kale? Tikiti ndalipira. Hotelo ndalipira. Chakudya chako ndalipira, mbale khumi, ndipo sabweza. Ukudziwa kuti ndagwira mashifiti angati?"

Ndinkamva tambala akulira kumbuyo kwake, ndi wailesi ya oyandikana nawo. Kenako anayankha mofatsa, ngati akulankhula ndi mlendo wokwiya pasitolo.

"Pepani, amayi. Mupatse wina adye, chisawonongeke."

Ndinadula foni ndine.

Anachisale anati ndiimbire a hotelo. "Akansele dzina la mwanayo. Kaya abweza kaya sabweza, koma lichoke." Ndinati ndiimba mawa. Mawa lake ndinati mwina asintha maganizo, ndege zopita ku Florida zilipo tsiku lililonse. Sindinaimbe. Achemwali nawo anaimba akulira, akuti amukakamiza koma wakana, ndipo ndinawayankha mwaulemu wozizira umene ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

Tinapitabe. Anachisale anali atatenga kale tchuthi, ndipo anati sangalole ndalama za madabulo zidyedwe ndi azungu ife tili moyo. Tinayenda masiku awiri, kudutsa Kentucky ndi Tennessee, kugona ku Georgia. Pofika pahotelo mtsikana wa polandirira alendo anayang'ana pakompyuta n'kufunsa za mlendo wachitatu. Ndinati akubwera m'mbuyo. Anachisale anayang'ana kudenga.

Pachakudya choyamba woperekera zakudya anagunditsa kamakina kake pachibangili changa n'kutiuza kuti chipinda chathu chili ndi mbale makumi atatu. Mbale za chipinda chimodzi zinkakhala mulu umodzi, aliyense ankatha kutapapo. Tinaitanitsa ziwiri. Asanachoke ndinamuitananso n'kuitanitsa yachitatu, yoika m'bokosi.

Sindinaganize kuti ndikuchita chachilendo. Kwathu tinakula choncho. Wina akachedwa kumunda, kusukulu kapena kuchigayo, ankamupakulira gawo lake n'kulivundikira, ndipo palibe ankalikhudza ngakhale njala itavuta bwanji. Kudya gawo la munthu amene ali m'njira kunali ngati kunena kuti sakuwerengedwanso pakhomo. Bokosilo ndinakaliika m'kafiriji ka m'chipinda chathu.

Vuto linali posankha. Pepala la zakudya linali lalitali, ndipo ulendo uliwonse ndinkayenera kunena chimene Tadala adye. Ndinasankha nkhuku, poti mwana aliyense amakonda nkhuku. Mawa lake nkhuku. Madzulo ake ndinasintha, ndinatenga makaroni a tchizi.

"Amadya tchizi mwanayu?" anafunsa Anachisale.

"Sindikudziwa."

"Nsomba?"

"Sindikudziwa."

"Tsabola?"

Ndinaweramira pambale yanga. Iwo anapitiriza kudula nyama yawo, osafunsanso.

Zimene ndinaona pa kadyedwe kameneka ndi izi. Mbale imodzi ya kumeneko ikhoza kukhutitsa anthu awiri akuluakulu. Matebulo amabukitsidwa miyezi ingapo m'mbuyo, choncho tsiku lonse limayendera wotchi ya chakudya. Tsiku lachiwiri tinaima pamzere wa kasitima kothamanga mphindi makumi asanu, dzuwa likuswa mtengo, ndipo titatsala pang'ono kukwera tinatulukamo chifukwa tebulo lathu linali la wani koloko kutsidya lina la paki. Tinkadya tilibe njala, kuopa kuluza. Pamatebulo oyandikana nafe makolo ankakalipira ana kuti amalize ayisikirimu. Woperekera zakudya aliyense ankayembekezera kangachepe kolingana ndi mtengo wa zonse zimene wabweretsa, ndiye ukamaitanitsa zodula kuti upindule, kangachepeko kankakulanso.

"Ine ndinabwera kudzaona Florida," anatero Anachisale tsiku lachitatu, atavula nsapato pabenchi, "koma ndaona mafoloko okhaokha. Shuga wanga akakwera mukanene kwa adokotala kuti munandipha ndinu, a Mtolankhani, ndi keke."

Ankaseka, ndipo nanenso ndinkaseka. Koma paliponse panali atsikana a msinkhu wa Tadala, ena atavala makutu a zidole, ena akukokana ndi amayi awo, ena atakwiya. Ndinkawayang'ana kuti ndidziwe kuti mwana wa zaka khumi ndi ziwiri amafika pati akaima pafupi ndi mayi ake. Ambiri ankafika paphewa. Chibangili chofiirira chinali m'chikwama changa, ndipo pageti lililonse ndinkachikhudza.

Tsiku lachinayi ndilo linali lobadwa Tadala. Ndinali nditaiwala kuti pobukitsa ndinalemba zimenezo. Tili pakati pa nkhomaliro, operekera zakudya asanu anatulukira akuomba m'manja, wina atanyamula kakeke koyaka kandulo. Anaima patebulo lathu. Anthu a matebulo ena anatembenuka akumwetulira. Mnyamata wa kekeyo anawerenga kapepala movutikira n'kufunsa kuti Tadala ndi uti.

Ndinayang'ana mpando wachitatu, pomwe tinaikapo zikwama.

Anachisale anakweza dzanja. Mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wa imvi, wa mawondo otupa. Anawauza m'Chingerezi kuti Tadala ndi iwowo, ndipo akwanitsa zaka khumi ndi ziwiri lero lomwe, kungoti moyo wawavuta. Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Anawaimbira, iwo akugwedeza mutu ngati mkwatibwi, kenako anazimitsa kandulo ndi mpweya umodzi. Anthu aja atachoka anandikankhira kapu ya madzi.

"Imwani. Musalire pano, azungu angaitane ambulansi."

Titabwerera kuchipinda masana amenewo, mvula ya mabingu ikugwa, ndinatsegula kafiriji kuti ndiikemo bokosi lachisanu ndi chimodzi. Chitseko chinali chisakutsekeka bwino kuyambira dzulo lake, ndipo fungo linadzaza chipinda. Ndinayamba kusuntha mabokosi kuti ndipeze malo. Anachisale anakhala pabedi n'kundiyang'ana kwa kanthawi.

"Amake Tadala, tsekani firijiyo mukhale pansi."

Ndinakhala.

"Chakudya amasungira munthu amene ali m'njira. Uyu sali m'njira. Ali ku Balaka, akusambitsa mayi ake, ndipo ali bwinobwino. Izi mukuchitazi ine zikundiopsa. Ndinaziona kwa apongozi anga mwana wawo atamira mu Shire, ankapakula mbale yake mwezi wathunthu. Inu mwana wanu ali moyo. Musamuchite zimenezi."

"Ndiye nditaye?"

"Mwanayo anakuuzani chochita, inu simunamve. Pano chawonongeka. Muimbireni, lero ndi tsiku lake."

Ananyamula mabokosi onse asanu ndi limodzi m'thumba la zinyalala n'kutuluka nawo. Ine ndinatenga foni. Ndinaiyang'ana, ndinawerengera kuti ku Malawi nthawi ili bwanji, ndinapeza kuti mwina agona kale. Ndinalemba uthenga wa mawu asanu womufunira zabwino. Yankho linabwera m'mawa: "Zikomo amayi."

Tsiku lotuluka tinapeza mzere wautali m'sitolo ya pahotelo. Anali anthu onga ife, otsala ndi mbale zosadya, akuzisinthitsa ndi maswiti, mabisiketi ndi chokoleti zisanathe mphamvu. Bambo wina anadzaza basiketi yonse nkhope ili gwa, ngati akugula mankhwala. Za Tadala zinatsala zinayi, kuphatikiza totolatola take tonse. Ndinadzaza kachikwama. Patatha mwezi ndinapatsira munthu wopita kumudzi, ndipo achemwali anandiuza kuti zinafika, chokoleti chitasungunuka pang'ono. Tadala anakagawira anzake ku Sande sukulu.

"Iye wadyako?"

"Iyeyu zotsekemera sadya, chiyambire ali wamng'ono. Amakonda zowawasa, malambe, bwemba. Sunkadziwa?"

Ndinakhalanso ku Indianapolis zaka zisanu. Zifukwa zinalipo: fizi ya kusekondale, mankhwala a achemwali. Sindinamuitanenso Tadala, ndipo iye sanafunsepo. Lamulungu tinkalankhulabe. Za foni ija palibe anaitchula.

Anachisale anamwalira m'nyengo yozizira, atadwala masabata atatu m'chipatala chomwe tinkagwiramo ntchito. Amalawi a ku Indianapolis ndi ku South Bend anasonkha, monga timachitira, kuti thupi lipite kwawo, ndipo panafunika munthu woliperekeza. Ndinati ndipita ndine. Ndinalongedza masutikesi awiri, ndinabweza makiyi a nyumba ya ku Lawrence, ndipo sindinagule tikiti yobwerera. Titaika maliro ku Ntcheu ndinakwera minibasi ya ku Balaka.

Anandilandira bwino kwambiri. Achemwali anali atakalamba, akuyenda ndi ndodo, ndipo tinakumbatirana mpaka tonse kutsala pang'ono kugwa. Tadala anatuluka m'nyumba akupukuta manja pachitenje. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wamtali kundiposa, mapewa ngati a malemu amayi athu. Anagwada, anandipatsa moni ndi manja awiri, anandilandira chikwama. Anandikonzera chipinda chake, iye n'kukagona pansi kwa achemwali. Madzi osamba ankandiikira kubafa ndisanapemphe.

M'mawa uliwonse ndinkapeza tebulo la pabalaza litayalidwa nsalu yoyera: buledi wopaka majarini, mazira awiri okazinga, tiyi wamkaka m'kapu ya maluwa imene inkatuluka m'kabati pakabwera abusa. Malo a munthu mmodzi. Kuseri kwa nyumba ndinkamva awiriwo akuseka.

Tsiku lachitatu ndinanyamula kapu yanga n'kuzungulira kuseriko. Anali pamkeka pamthunzi wa khitchini, mbale ya mbatata yophika ili pakati. Tadala ankasenda mbatata n'kumaika m'dzanja labwino la achemwali, osayang'ana n'komwe, uku akusimba za mphunzitsi wina amene anagwa panjinga. Atandiona nkhani inaima.

"Tiyi wachepa shuga, amayi?"

"Ayi. Ndimafuna ndidye nanu kuno."

"Kuno kuli fumbi."

"Ndinakulira pafumbi pomwepa, Tadala." Ndinaima pamenepo kapu ili m'manja. Mawuwo ndinali nditawakonza zaka zisanu, ndipo anatuluka osakonzeka. "Tsiku lija pafoni. Ndinalankhula zolakwika. Iwe unachita bwino kutsala. Ine ndimangofuna kukuona, koma sindinanene."

Achemwali anaweramitsa mutu. Tadala anandiyang'ana m'maso, koyamba chifikireni changa, ndipo pankhope pake panalibe mkwiyo uliwonse. Ndikanakonda ukanakhalapo.

"Palibe kanthu, amayi. Ndinali mwana. Ndinaiwala kale."

Ndinawerama kuti ndikhale pamkeka. Iye anadzuka msangamsanga, anathamangira m'nyumba, n'kubwera ndi mpando wa pabalaza. Anaupukuta ndi nsonga ya chitenje, anauika pambali pa mkeka, n'kuugwira kuti usagwedere mpaka nditakhalapo.